Ulendo wa ku Joni kuchokera ku Lilongwe: ndege yolunjika, yozungulira, kapena ingokwerani basi?

Anthu ambiri akamakonza ulendo wa ku Joni funso loyamba limakhala lakuti kodi pa ndege ndi maola angati, ndiye tiyambe ndi yankho lakelo kuti amene akufulumira atenge azipita. Kuchoka pa Kamuzu International Airport, ija timangoti KIA, kukatera pa OR Tambo ku Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 1,490 mukayeza molunjika, ndipo ndege yosaima pena paliponse imatenga maola awiri ndi mphindi 15 mpaka maola awiri ndi theka. Wotchi simusintha ayi, nthawi ya kuno ndi ya ku South Africa ndi imodzimodzi, mukanyamuka 1 koloko masana ndiye kuti cha m'ma hafu pasiti 3 mwaponda nthaka ya ku Kempton Park. Koma nambala imeneyi payokha singakuthandizeni kusankha, chifukwa palibe amene amagona pa KIA, palibenso amene ulendo wake umathera pa OR Tambo, komanso matikiti amene amabwera pa foni mukalemba LLW ndi JNB, zilembo zoimira KIA ndi OR Tambo, si onse a njira imodzi. Ina imadzera ku Chileka, ina ku Lusaka kapena ku Harare, ina imayamba yakutengani kaye kupita kumpoto ku Nairobi kapena ku Addis Ababa kenako nkubwerera nanu kummwera. Ndiye palinso basi, yomwe kunena zoona ndi imene ambirife timaidziwa bwino.

Pali ena amachita masamu awo, amati Boeing 737 imathamanga makilomita opitirira 800 pa ola, ndiye 1,490 kugawa ndi 800 sizikufika nkomwe maola awiri, nanga theka linalo likupita kuti? Nthawi yolembedwa pa tikiti amayamba kuwerenga pamene ndege yasuntha pamalo pomwe inaima mpaka itakaimanso kumene ikupita, ndiye mmenemo muli kuyenda pang'onopang'ono kupita kothamangira, kudikira chilolezo, kukwera m'mwamba liwiro lisanakwane, kutsika, komanso ndege siingodula mzere wowongoka mmene ikufunira, ili ndi njira zake zomwe oyang'anira mlengalenga amaiuza kuti idutse. Pa KIA kudikira kumakhala kochepa poti ndege zake nzowerengeka, koma OR Tambo ndi limodzi mwa mabwalo otanganidwa kwambiri mu Africa muno, mutha kuzungulira m'mwamba mphindi zingapo kudikira mpata, makamaka kuyambira October mpaka March pamene kumeneko madzulo kumakonda kugwa mvula ya mabingu ndi ziphaliwali. Mtundu wa ndege nawonso umasintha zinthu, Q400 ija ya mapulopela imayenda makilomita 600 ndi kenakake pa ola, pa ulendo waufupi simungaone kusiyana koma pa wautali imatsalira.

Tsopano tiwerengere kuchokera pakhomo, chifukwa apa mpamene anthu amadzinamiza. KIA ili ku Lumbadzi, makilomita pafupifupi 25 kuchokera m'tauni, ngati mumakhala ku Area 25 kapena 49 muli ndi mwayi koma wa ku Area 36, Likuni kapena Kawale ayike ola lathunthu kapena kupitirira, M1 pa Kanengo ikadzaza ndi mathiraki siidziwa kuti wina ali ndi ndege. Ndipo masiku amene mafuta akuvuta konzani galimoto yokuperekezani dzulo lake, osadalira kuti mbale wanu uja apeza petulo m'mawa. Pabwalo muyenera kufika maola awiri, atatu ndiye bwino kwambiri, ndege isananyamuke, poti check-in amatseka nthawi ikadalipo ndipo akatseka atseka, olo mukuiona ndegeyo pawindo. Muwonjezere maola awiri ndi theka a m'mwamba. Mukatera pali mzere wa ku immigration womwe tsiku labwino ndi mphindi 20, tsiku limene mwatera limodzi ndi ndege zikuluzikulu ola limatha, kenako kudikira zikwama, kenako ulendo wolowa m'tauni. Sitima ya Gautrain, yomwe inayamba kuyenda mu 2010 nthawi ya World Cup, imatenga mphindi pafupifupi 15 kukafika ku Sandton, ndipo wopita ku Park Station, siteshoni yaikulu ya mabasi ndi sitima pakati pa tauni ya Joni, amasintha pa Sandton pomwepo. Mukaphatikiza zonsezi ulendo uja wa maola awiri ndi theka wafika maola 7 kapena 8. Sikuti nkoipa, mumadya kadzutsa kwanu nkukadya mgonero ku Joni, koma musamuuze munthu kuti tikumana 4 koloko ku Randburg chifukwa choti tikiti yalemba kuti mutera hafu pasiti 3.

Amene amauluka njira imeneyi odziwika ndi Malawi Airlines, kampani yomwe inabwera Air Malawi itagwa mu 2013, inayamba maulendo mu January 2014 ndipo boma lathu lili ndi 51 peresenti pamene Ethiopian Airlines ili ndi 49. Airlink ya ku South Africa inayamba kubwera ku Lilongwe ndi ku Blantyre mu 2023 ndi tindege take ta Embraer, ndipo chaka chomwecho chakumapeto South African Airways inaimitsa maulendo ake a kuno ndalama ya kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November. Ma timetable amasintha pafupipafupi ndiye tsiku ndi nthawi muziona pa tikiti yanu, osati kumva kwa munthu amene anakwera chaka chatha.

Njira yachiwiri ndi ija yodzera ku Chileka, ndipo anthu ambiri amaikwera asakudziwa mpaka atamva kuti tikutsikira ku Blantyre. Kuchoka pa KIA kufika pa Chileka molunjika ndi makilomita pafupifupi 245, m'mwamba ndi mphindi 40 kapena kucheperako, mukangomasula lamba akuti mangani tikutera. Kuchoka pa Chileka kufika pa OR Tambo ndi makilomita pafupifupi 1,360, maola awiri ndi mphindi zochepa. Ndiye pa mtunda kusiyana nkochepa, 1,600 kuyerekeza ndi 1,490, koma nthawi ndi imene imapita chifukwa ndege iyenera kutera, ena atsike, ena akwere, katundu alowe, mwina amwetse mafuta, inu muli pampando pomwepo, ndipo ulendo wonse umafika maola atatu ndi theka mpaka anayi. Nambala ya ndege imakhala imodzi yomweyo ndiye pa tikiti zimaoneka ngati ulendo umodzi, chofunika nkuyang'ana pamene alemba kuti 1 stop komanso nthawi yonse ya ulendo. Ine njira imeneyi sindiidandaula, ola limodzi ndi theka lowonjezera si nkhani ngati mtengo uli wabwino, chikwama chanu sichisintha ndege, palibe zothamanga mu eyapoti yachilendo kufunafuna geti.

Chimene sindimachimvetsa ndi cha ena amene amati ndikakwerere ku Chileka poti tikiti ya kumeneko yatsikako pang'ono. Lilongwe kupita ku Blantyre pamsewu ndi makilomita opitirira 300, kudutsa Dedza, Ntcheu, kukhota pa Chingeni kutsata wa Zalewa, maola anayi kapena asanu pa kochi, ndiye pochokera m'tauni ya Blantyre kupita ku Chileka ndi makilomita enanso pafupifupi 16. Ngati ndege ndi ya m'mawa mugona ku Blantyre, chakudya, malo ogona, takisi, ndalama ija mumati mwapulumutsa yathera pa Ntcheu pogula mbatata ndi chimanga chowotcha. Pokhapokha ngati muli ndi zina zoti mukachite ku Blantyre kapena muli ndi abale ku Chirimba kapena ku Machinjiri okusungani nkukuperekezani.

Za ku Lusaka ndi ku Harare sindichulukitsa. Lilongwe kupita ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 600, ola limodzi ndi mphindi zingapo, ndipo Lusaka kupita ku Johannesburg ndi pafupifupi 1,200, maola awiri, zonse pamodzi 1,800. Si njira yopusa ayi, mayiko onsewa wotchi ndi imodzi, koma chimene chimapweteka ndi kudikira pakati, komanso ngati mwagula matikiti awiri osiyana kwa makampani awiri, yoyamba ikachedwa yachiwiri siikudziwani, mugula tikiti ina ndi ndalama zanu, ndipo chikwama muyenera kuchitenga nkukachilowetsanso nokha.

Koma zimene zimandiseketsa ndi za Nairobi ndi Addis. Nthawi zina mukasaka pa intaneti tikiti yotchipa imene imabwera pamwamba ndi ya Kenya Airways kapena Ethiopian, munthu nkusangalala kuti wapeza mwayi osaona nthawi yonse ya ulendo yomwe alemba mwa tizilembo ting'onoting'ono. Taonani manambala. Lilongwe kupita ku Nairobi ndi makilomita pafupifupi 1,430, ndiye kuti pofika pa Jomo Kenyatta mwauluka kale mtunda wofanana ndi wa ku Joni koma mwalowera kolakwika, kenako Nairobi kupita ku Johannesburg ndi enanso pafupifupi 2,900, maola anayi, zonse pamodzi kupitirira 4,300. Ya Addis ndiye zinazo, Lilongwe kupita pa Bole, eyapoti ya ku Addis, ndi pafupifupi 2,600, maola anayi osakwana pang'ono, Addis kupita ku Johannesburg ndi kupitirira 4,000, maola asanu ndi theka, zonse pamodzi makilomita oposa 6,600 pa ulendo wa 1,490. Zili ngati kuchoka m'tauni kupita ku Dedza koma kudzera ku Kasungu. Pa ya Addis imeneyi m'mwamba mokha muthera maola 9 kapena 10, ndipo kudikira pakati kumatha kukhala kwa usiku wonse, moti anthu ena amanyamuka lero masana nkukafika mawa masana.

Pali zinthu ziwiri zomwe zimagwetsa anthu pa njira zakumpotozi. Choyamba wotchi, Kenya ndi Ethiopia ali patsogolo pathu ndi ola limodzi, ndipo nthawi zonse zolembedwa pa tikiti ndi za dziko limene mulilo pa nthawiyo, ndiye foni ikapanda kusintha yokha mutha kukhala phee mukumwa tiyi mukuganiza kuti mukadali ndi ola pamene anzanu akulowa m'ndege. Chachiwiri ndi katemera wa yellow fever. Malawi sili m'gulu la mayiko a matendawa ndiye wouluka molunjika safunsidwa kanthu, koma Kenya ndi Ethiopia ali m'gululo, ndipo lamulo la South Africa limati amene wakhala maola opitirira 12 pa eyapoti ya dziko lotero aonetse khadi lachikasu lija. Kudikira kwa usiku wonse kumafika maola 12 mosavuta, ndiye opanda khadi mutha kuvutika musanakwere nkomwe ndege yachiwiri.

Sikuti njira za Addis ndi Nairobi nzachabe, kwa wopita ku London, Dubai, Mumbai kapena Guangzhou ndi makomo athu enieni amenewo, ndipo matikiti awo nthawi zambiri amalola zikwama ziwiri za makilo 23 chilichonse, zomwe kwa wa katundu ndi nkhani yaikulu. Koma kwa wopita ku Joni kokha, ine ndinganene kuti kusiyana kwa mtengo kukhale kwakukulu ndithu, kokwana kulipira tsiku lanu lathunthu, apo ayi zisiyeni.

Tifike pa basi tsopano, ndipo apa ndichedwapo chifukwa amene sanaikwerepo amaiderera ndipo amene anaikwera kamodzi amalumbira kuti sadzabwerezanso, koma mwezi wamawa muwapeza ali pampando womwewo. Pamsewu Lilongwe kupita ku Johannesburg ndi makilomita pakati pa 1,800 ndi 1,900. Mumatuluka pa boda ya Dedza kulowa ku Mozambique pa Calomue, kudutsa Angónia komwe anthu ake mumalankhula nawo Chichewa bwinobwino, kutsetsereka mpaka ku Tete kotentha kuja nkuwoloka Zambezi, kenako boda ya Cuchamano ndi Nyamapanda kulowa mu Zimbabwe, Mutoko, Harare, Masvingo, mpaka pa Beitbridge pamene mumawoloka Limpopo, ndiye Musina, Polokwane, Pretoria mpaka Park Station kapena ku malo ena kumene kampaniyo imatsitsira. Mabasi ochokera ku Blantyre amatulukira pa Mwanza ndi Zobue nkukakumana nafe chakufupi ndi Tete. Kuchoka ku Harare kufika pa Beitbridge pokha ndi makilomita pafupifupi 580, ndipo mukawoloka mlatho uja musaganize kuti mwafika, patsala enanso opitirira 500.

Matayala akamangozungulira osaima ulendowu ndi wa tsiku limodzi ndi maola ochepa, koma amene amalamula nthawi si dalaivala ayi, ndi maboda. Maboda atatu, iliyonse mbali ziwiri, ndiye kuti kasanu ndi kamodzi mukutsika, kufola, kudinditsa pasipoti, kukweranso. Ulendo ukayenda bwino ndi tsiku ndi theka, ukavuta masiku awiri amakwana, ndipo mu December kapena nthawi ya Pasaka pa Beitbridge pokha mutha kutaya maola ochuluka kuposa amene wa pa ndege wathera pa ulendo wake wonse kuyambira pakhomo. Chimene chimachitika pamenepo nchakuti basi imaima pamzere wa mabasi anzake, nthawi zambiri usiku, kondakitala nkunena kuti aliyense atsitse katundu wake, ngolo ya kumbuyo ija nkutsegulidwa, zikwama zamizeremizere zija, matumba a mpunga wa Kilombero, zigubu, zonse pansi pa simenti aliyense ayime pambali pa zake kudikira oyang'ana. Ana akulira, wina wataya chiphaso, wina mapepala ake sali bwino ndiye basi yonse ikudikira iyeyo. Nyengo ya June ndi July kumazizira koopsa pamenepo m'bandakucha, mayi amene anavala zopepuka poganizira kutentha kwa ku Tete amapezeka afunda chitenje mpaka kumutu mano akugundana. Mukamaliza muyambenso kupakira zonse zija mmene zinalili, ndipo sizilowa mmene zinalowera poyamba.

Onjezani za thupi. Miyendo imatupa, msana umauma, zimbudzi za m'njira zambiri nzolipira ndipo dziko lililonse likufuna ndalama yake, ku Mozambique ma meticais, ku Zimbabwe madola a America, kutsogoloko marandi, ndiye muzisunga ndalama zing'onozing'ono chifukwa chenji cha dola pamsewu nchovuta. Visa siifunika kwa wa pasipoti ya Malawi m'mayiko onse atatuwa ngati mukungodutsa kapena kukacheza, koma zidindo zimadya masamba, wa geni amene amayenda mwezi ndi mwezi pasipoti imadzaza isanathe nthawi yake, ndipo tonse tikudziwa kuti kupeza ina si nkhani ya sabata imodzi.

Nanga bwanji anthu amakwerabe? Mtengo ndi katundu basi. Tikiti ya ndege amaiwerengera mu madola, olo mulipire kwacha amatembenuza pa reti ya tsiku limenelo, ndiye kwacha ikagwa tikiti imakwera usiku umodzi. Ya basi imatsika kwambiri poyerekeza, ndipo ngakhale muwonjezere zakudya ndi zolipira za m'njira simufika pa ya ndege. Koma chenicheni ndi sikelo. Pa ndege tikiti wamba imakupatsani makilo 20 kapena 23 pa chikwama kutengera kampani ndi mtundu wa tikiti, kamodzi kakang'ono ka m'manja, zikapitirira mulipira pa kilo ndipo mtengo wake umawawa. Imani pa check-in ya pa KIA tsiku lililonse muona zomwezomwezo, mayi wachikulire wayika sutukesi pa sikelo, nambala yofiira yaonetsa 31, mtsikana wa pa kauntala mwaulemu akuti, "Amayi, chapitirira ndi makilo 8 ichi, mulipira kapena muchotsako zina?" Iwo nkuyankha kuti, "Mwana wanga ndi ufa chabe uwu ndi tinsinjiro, zidzukulu zanga kumeneko zikufuna nsima ya kwathu, tangondithandizani." Mapeto ake sutukesi yatsegulidwa pansi pomwepo, ufa woyera wa m'mapepala apulasitiki ukuperekedwa kwa operekeza kuti abwerere nawo kunyumba, nsapato zikulowetsedwa m'chikwama cha m'manja, anthu pamzere akuyang'ana mawotchi. Pa basi mayi yemweyo akanalipira pang'ono thumba lonse nkukwera. Kungoti zakudya monga nsomba zouma, nyama ndi mbewu zili ndi malamulo ake polowa mu South Africa kaya mwadzera m'mwamba kaya pansi, amatha kulanda, ndiye usipa wa ndalama zambiri muziganiza kawiri.

Ndipo nkhani ya katundu imakula pobwerera osati popita. Popita ambiri timanyamuka ndi kachikwama kamodzi, pobwera ndi pamene pali mabulangete, ma duvet, zitsulo za galimoto, TV, mwina mpaka firiji. Nchifukwa chake anthu ochenjera a geni amasakaniza, amapita pa ndege kuti akafike tsiku lomwelo ali ndi mphamvu zoyendayenda m'mashopu, katundu nkupereka kwa ma transporter kapena kubwera naye okha pa basi. Amene amabwera naye okha amati bola kuvutika masiku awiri koma katundu ukumuona ndi maso, ndipo za msonkho wa MRA pa Dedza ukulankhula wekha ndi malisiti ako m'manja. Amene amatumiza amati nthawi yawo ndi ndalama. Onse ali ndi mfundo, koma ngati mukutumiza mutumize kwa munthu amene anzanu amugwiritsapo ntchito kangapo, nkhani za katundu wosowa m'njira si zachilendo. Chinanso muonetsetse musanasankhe zosakanizazi, tikiti ya ndege yopita kokha kawirikawiri siikhala theka la yopita ndi kubwera, imakhala yokwererapo, komanso a check-in kapena a immigration amatha kufunsa umboni woti mubwerera, ndiye tikiti ya basi yobwerera mugule kale muisunge pafupi.

Za galimoto yanuyanu ndingoti ndi ya anthu anayi kapena asanu ogawana mafuta ndi chiwongolero, apo ayi siipindula. Msewu ndi womwewo, maboda ndi omwewo, kungoti simudikira anthu 60, koma m'malo mwake muli ndi mapepala a galimoto pa boda iliyonse, inshuwalansi, zolipira za misewu, ma tollgate a ku Zimbabwe ndi a pa msewu wa N1 ku South Africa, ndipo kuyendetsa usiku chigawo cha Masvingo kupita ku Beitbridge kumene ng'ombe ndi abulu amayenda pamsewu si nzeru, mugone penapake.

Ndiye ndani akwere chiyani? Wodwala amene akupita kuchipatala, agogo, mayi woyembekezera kapena wa khanda, awa musawayike pa basi chifukwa chofuna kupulumutsa ndalama, achibale sonkhani agule ya ndege yolunjika kapena yodzera ku Chileka, ndipo ngati kuyenda kukuwavuta pemphani wheelchair pogula tikiti pomwe, pa OR Tambo kuchokera pa geti kufika ku immigration ndi kamtunda ndithu. Wa msonkhano wa masiku awiri kapena atatu palibe chokambirana, basi ingadye masiku anayi kupita ndi kubwera. Wa maliro naye nthawi siimulola. Wophunzira amene akupita koyamba ndi zofunda, mapoto ndi mabuku, ali ndi mphamvu zake komanso thumba ndi lopyapyala, basi imamukwana. Wa geni ndanena kale. Amene akupitirira ku Cape Town kapena ku Durban akumbukire kuti kuchokera pa OR Tambo ndi maola enanso awiri kupita ku Cape Town ndi ola limodzi kupita ku Durban, pamene pa basi Cape Town ndi makilomita ena 1,400 kuchokera ku Johannesburg, tsiku linanso pampando, apa ndiye ndege imayamba kuoneka yotchipa olo kwa munthu wouma manja.

Mtengo wa ndege nawo suima malo amodzi. Tikiti yogula kutatsala masabata angapo ndi yogula mawa lake zimasiyana kutali, mipando yotchipa imayamba kutha, ndipo December aliyense wa ku Joni akubwera kumudzi kenako January onse akubwerera, ndiye kumayambiriro kwa December yopita kumeneko imapezeka koma yobwera kuno ndi imene imavuta, January zimatembenuka. Funsani ma agent a m'tauni komanso onani nokha pa webusaiti ya kampani, nthawi zina zimasiyana, ndipo funsitsani ngati tikitiyo imalola kusintha tsiku chifukwa zotchipitsitsa zija mukasintha chindapusa chake chimatha kuyandikira mtengo wa tikiti.

Kaya mwasankha iti, wa pasipoti ya Malawi amaloledwa kukhala mu South Africa mpaka masiku 30 popanda visa, koma musangoloweza 30 pamtima, tsegulani pasipoti pomwepo muwerenge tsiku limene alemba pa chidindo chifukwa limenelo ndi limene lili ndi ntchito. Mukapitirira, malamulo amene anayamba mu 2014 amati potuluka akulembeni kuti ndinu osafunika m'dzikomo, ndipo chiletso chake chimayambira chaka chimodzi mpaka zisanu. Wobwerera pa basi awerengere kuti tsiku lotuluka ndi limene adinditsa pa Beitbridge osati limene wakwera pa Park Station, ndiye basi ya tsiku lomaliza ikafa m'njira kapena mzere ukadutsitsa 12 koloko usiku, mwapitirira kale.

Chomaliza muyang'ane nthawi yofikira. Gautrain siyenda usiku wonse, cha m'ma 9 koloko imakhala ikuweruka, ndiye ndege yofika mochedwa ikutanthauza Uber, Bolt kapena wachibale wa galimoto, ndipo foni ikhale ndi moto komanso njira yolumikizira intaneti, pa eyapoti pali Wi-Fi koma mukangotuluka panja yatha. Power bank muyike m'chikwama cha m'manja, m'chachikulu saloleza. Wa pa basi nthawi yofikira sangailonjeze kwa munthu, ndiye wokuchingamirani mumuimbire mukadutsa Polokwane, kuchokera pamenepo patsala makilomita pafupifupi 300, maola atatu ndi theka kapena anayi, ndipo mukafika pakati pa usiku khalani mkati mwa siteshoni mpaka atabwera kapena kutacha, osatuluka ndi zikwama kukasaka takisi mumsewu.